Kulipira wosamala magwero a madzi: woyenera kulandira ndani?

Akumtunda akadula nkhalango, akumunsi amamwa matope ndipo zitsime zawo zimaphwa msanga. N'chifukwa chake mayiko ena amalipira eni nkhalango kuti asaidule. Dziko la Mexico lidayamba izi mu 2003 kudzera ku CONAFOR, bungwe la boma loona za nkhalango. Ndalama zinkachokera ku msonkho wa madzi, mgwirizano unali wa zaka zisanu, ndipo mwini malo ankalandira mapeso 300 pa hekitala pachaka, kapena 400 ngati nkhalango yake inali ya m'mapiri a nkhungu.

Pali mfundo zingapo zimene aliyense wokonza ndondomeko yotere amalimbana nazo. Yoyamba ndi phindu lenileni: kodi ndalamayo yapulumutsa mtengo womwe ukanagwa? Ku Mexico zidaoneka kuti m'zaka zoyamba malipiro ambiri ankapita ku nkhalango zomwe zinalibe chiopsezo chachikulu. Mitengo idaima, koma ikanaimabe popanda kulipira.

Yachiwiri ndi mtengo wa kudziletsa, kutanthauza zomwe mwini malo akusiya akalola kusadula. Wa ku phiri lamiyala sasiya zambiri, choncho ndalama zochepa zimamukwanira. Koma wa ku Michoacán, chigawo cha Mexico komwe mapeyala amalemeretsa, sangakopeke nazo. Apa pali nkhondo ya bajeti: nkhalango yomwe ili pangozi kwambiri ndiyo yodula kuiteteza.

Yachitatu ndi kusamuka kwa chiwonongeko. Mudzi utha kusunga gawo lomwe walembetsa, nkhwangwa n'kukalusa kuseri kwa phiri.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi chilungamo. Tikatsata phindu lenileni lokha, tidzalipira amene akuopseza kudula, n'kusiya chimanjamanja mudzi womwe wasunga nkhalango kuyambira makolo. Kodi ana a mudzi umenewo aphunzirapo chiyani? Ngakhale m'mudzi wolandira muli funso lina. Nkhalango zambiri za ku Mexico ndi za midzi yogawana malo yotchedwa ejido, ndipo olembedwa ngati eni malo ndiwo amagamula za ndalama. Opanda malo, ambiri mwa iwo amayi ndi achinyamata, amaletsedwa kudula mitengo koma gawo lawo silitsimikizika.

Boma la Mexico lidasintha kasankhidwe n'kuyamba kupereka mapointsi poona chiopsezo cha kudulidwa, kusowa kwa madzi m'deralo ndi umphawi wa anthu ake. Njira imeneyi sithetsa mkangano, koma imauika poyera kuti aliyense aone chomwe chapatsidwa patsogolo.

Ine ndikuti chilungamo chisabwere pomalizira ngati chokometsera. Mgwirizano umatha pakapita zaka zisanu, ndipo chotsala ndi mtima wa anthu okhala m'nkhalangomo. Akamva kuti adaponderezedwa, ndalama zomwe boma lidapulumutsa polipira mokondera zidzathera kukumba zitsime zakuya ndi kusefa madzi akuda.