Angola yatenganso chikho cha basketball, koma ufumu uja sunabwerere

Mu August 2025 timu ya basketball ya amuna ya dziko la Angola idakwapula Mali 70-43 ku Luanda ndi kutenga chikho cha AfroBasket kachi 12. Ochemerera akuti mfumu yabwerera pampando wake. Ine ndikukayika, ndipo chikundikayikitsa ndi mbiri ya timu yomweyi.

Masewerawa adafika ku Angola m'nthawi ya ulamuliro wa Apwitikizi. Dzikolo litalandira ufulu mu 1975 lidalowa m'nkhondo yapachiweniweni yomwe idatha mu 2002, koma ndi m'kati mwa nkhondo momwemo momwe timuyi idakulira. Chikho choyamba idachitenga pakhomo mu 1989, ndipo pofika 2009 idali itatenga zikho 10 pa mipikisano 11. Senegal yokha ndi yomwe idailanda chimodzi, mu 1997.

Dziko lonse lidaidziwa ku Olympics ya ku Barcelona mu 1992. Ambiri amakumbukira kuti akatswiri a ku America, Michael Jordan ali momwemo, adaithambitsa 116-48. Chomwe amaiwala n'chakuti pa mpikisano womwewo Angola idaswa Spain, eni bwalo, 83-63. Mu 2006 pa chikho cha dziko lonse ku Japan, Germany idachita kuwonjezeredwa nthawi katatu, Dirk Nowitzki n'kumwetsa yekha mapointi 47, kuti igonjetse anyamata a ku Luanda.

Chinsinsi sichidali msinkhu, pakuti osewera a Angola ankaoneka ofupikirapo poyerekeza ndi a kumadzulo kwa Africa. Mphamvu yawo idali kudziwana. Ambiri ankachokera m'makalabu awiri a mu Luanda, Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto, kumene ankalipidwa bwino ndi kusewerera limodzi chaka chathunthu. Maiko ena ankangotolera osewera patatsala masabata ochepa, ena osadziwana ndi maina omwe. Angola ikaponya mpira, wolandira amakhala atafika kale pamalo.

Chomwecho n'chimene chidawagoneka tulo. Timu ikamapambana palibe amafuna kusintha nkhope, ndiye akuluakulu omwewo adapitirira kusewera mpaka maondo kuyamba kudandaula, achinyamata ali pabenchi. Tunisia idailanda chikho mu 2011. Angola idachitenganso mu 2013, koma mu 2015 Nigeria, yodalira ana ake okulira ku America, idaigonjetsa m'ndime yomaliza. Mu 2017 ndi 2021 siidafike n'komwe m'ndime ya matimu anayi. Ku Olympics idapitako komaliza mu 2008.

Pomwe zinthu zidaonekera poyera ndi ku Manila mu September 2023, pa chikho cha dziko lonse. Malo a Africa opita mwachindunji ku Olympics ya ku Paris adali amodzi okha, oti atengedwe ndi timu ya mu Africa yomwe yachita bwino kuposa zinzake. Angola idapatsa chiyembekezo pogonjetsa Philippines pamaso pa anthu akwawo. Masewera ake omaliza adali ndi South Sudan, dziko lomwe kudalibe pomwe Angola imatenga chikho chake chachikhumi, popeza lidabadwa mu 2011. Osewera ambiri a South Sudan adali ana a othawa nkhondo, okulira ku Australia, America ndi Canada, omwe Luol Deng, katswiri wakale wa NBA, adawasonkhanitsa. Adali aatali, othamanga, oponya mpira kuchokera patali mopanda mantha. Masewera adatha 101-78. A South Sudan adavina ndi kulira pabwalo, mbendera ili m'manja, tikiti ya ku Paris ili m'thumba. Chaka chotsatira ku London adagonja kwa America ndi pointi imodzi yokha, 101-100.

Si South Sudan yokha. Cape Verde, kadziko ka zilumba ka anthu osakwana miliyoni, idalinso ku mpikisano wa 2023 koyamba. Mali, ngakhale idanyowetsedwa ku Luanda, ikukolola zomwe idabzala: anyamata ake osapitirira zaka 19 adafika m'ndime yomaliza ya dziko lonse mu 2019. Ndipo ligi ya BAL, yomwe idayamba mu 2021, yapatsa makalabu a maiko ena chinthu chomwe kale chidali cha Angola yokha, masewera apamwamba osachoka mu Africa.

Tisawanamizire a Angola, adzuka ndithu. Petro de Luanda idatenga chikho cha BAL mu 2024, Bruno Fernando adatsegula khomo la NBA mu 2019, ndipo Childe Dundão, wamfupi ngati tonsefe, ndiye adasankhidwa katswiri wa mpikisano wa 2025. Koma chikhochi adachitengera pakhomo, bwalo lonse likuwaimbira. Ku chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Qatar, kumene maiko amaitana osewera awo onse a kunja, kulibe ng'oma za ku Luanda, ndipo njira yolunjika ya ku Olympics ya 2028 idutsa komweko.