Mmene Khomo la ZAF Linatsegukira Ana a Zambia

Ndege ya nkhondo ikadutsa pamwamba pa sukulu, ana amathamangira kunja, ena nkumati, "Ine ndikadzakula ndidzayendetsa imeneyo." Kodi inu acinyamata mudziwa kuti pamene Zambia inalandira ufulu, nchito imeneyi inali m'manja mwa alendo?

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citatha pa 31 December 1963, ndege zake za nkhondo zinagawidwa. Zamphamvu zinatsala ku Southern Rhodesia. Northern Rhodesia inalandira zocepa cabe, zonyamula anthu ndi katundu, za mtundu wa Dakota ndi Pembroke, ndipo malo ao oyamba anali ku Livingstone. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, kagulu kameneka kanachedwa Zambia Air Force, kapena kuti ZAF.

Koma vuto lalikulu linali la anthu. Pa nthawi imeneyo, m'dziko lonse munali nzika pafupi-fupi 100 zokha zimene zinatsiriza maphunziro a pa yunivesite. Motero akulu-akulu a gululi ndi aphunzitsi ake anali asilikali a ku Britain.

Kuopsa kwa kudalira ena kunaoneka msanga. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linapandukira Britain, ndipo Zambia inapezeka ndi mdani kutsidya kwa Zambezi. Mu December caka comweco Britain inatumiza ndege zake za Javelin kudzalonda dziko lathu, cifukwa ife tinalibe zathu. Boma la Kenneth Kaunda linafuna thandizo kwina: ndege ndi maphunziro zinacokera ku Italy ndi Yugoslavia, kenaka ku China ndi Soviet Union. Mu 1972 Peter Zuze anakhala mwana wa Zambia woyamba kutsogolera ZAF.

Ngakhale conco, mphamvu zinali zikali zocepa. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndipo anthu ambiri anafa. Mu 1980 Zambia inagula ndege za liwiro za MiG-21. Komatu ndege mungagule tsiku limodzi, pamene munthu woiyendetsa kapena woikonza amatenga zaka kuti aphunzire.

Tonse tikumbuka 27 April 1993, pamene ndege ya ZAF ya mtundu wa Buffalo inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon, itanyamula timu yathu ya mpira. Anthu onse 30 anafa. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linanena kuti injini imodzi inaonongeka, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazima injini inzake imene inali bwino. Apa tiona kuti miyoyo imakhala m'manja mwa amene ali pansi ndi amene ali m'mwamba momwe. Ndiye cifukwa cake ZAF ili ndi amakanika, amainjiniya, oongolera ndege pa wailesi, olonda mabwalo, madokotala, anamwino, osunga katundu ndi ophika. Oyendetsa ndege ndi ocepa pakati pa onsewa.

Nanga lero munthu alowa bwanji? Njira ndi zitatu. Yoyamba ndi ya usilikali wamba, kumene munthu amaphunzira umisiri ali m'gulu. Yaciwiri ndi ya ofuna kukhala maofesala, amene amaphunzira ku sukulu ya ZAF ku Livingstone, ndipo oyendetsa ndege amacokera mwa iwo. Yacitatu ndi ya amene ali kale ndi digiri kapena dipuloma, monga madokotala. Pa zonsezi pafunika citupa ca NRC cobiriwira, satifiketi ya Giredi 12, thupi lolimba ndi mbiri yopanda mlandu. Wofuna kuuluka alimbikire masamu, sayansi ndi Cingelezi. Atsikana, musadziderere: mu 2017 Thokozile Muwamba anamveka dziko lonse monga mkazi woyamba m'Zambia kuyendetsa ndege ya nkhondo.

Cenjezo ndi ili: malo mu ZAF sagulitsidwa. Wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti akulembetseni, dziwani kuti ndi mbala. Yembekezani cilengezo ca gululo, ndipo podikira gwiritsitsani buku la masamu.