Mmene Dziko Lapansi Lidachokera Pakati

Ambiri a ife tidaphunzira kumudzi kuti mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 9. Ana athu kuno akuti alipo 8, ndipo akatitsutsa, ena timamva ngati atipeputsa. Tisanawakalipire, ndi bwino tikumbukire kuti m'mbiri ya maphunziro a zakuthambo, akatswiri enieniwo akhala akusintha maganizo pakapezeka umboni watsopano.

Cha m'ma 150, Ptolemy wa ku Alexandria adalemba kuti dziko lapansi lili pakati, ndipo dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zimalizungulira. Sanali wopusa ayi. Ifenso timaona dzuwa likutuluka kum'mawa n'kukalowa kumadzulo, nthaka ili phee pansi pa mapazi athu. Masamu ake ankaloseranso bwino pamene mapulaneti adzaonekere, motero chiphunzitsochi chidakhala zaka pafupifupi 1,400.

Mu 1543 lidatuluka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti pakati pali dzuwa, ndipo dziko lathu ndi pulaneti chabe ngati anzake. Adamukhulupirira ndi ochepa, pakuti masamu ake sankalosera bwino kuposa a Ptolemy: iye ankaganizabe kuti njira za mapulaneti n'zozungulira bwinobwino ngati mkombero wa lichero. Adakonza cholakwikachi ndi Johannes Kepler mu 1609. Atasanthula miyeso ya Tycho Brahe ya kayendedwe ka Mars, adapeza kuti njirayo ili ngati lichero lopanikizidwa pang'ono m'mbali.

Mu 1610 Galileo Galilei adaloza telesikopu yake kumwamba naona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, osati dziko lapansi. Adaonanso kuti Venus, Nthanda yathu ija, imasintha maonekedwe ngati mwezi, chizindikiro chakuti imazungulira dzuwa. Zimenezi zidamuika m'mavuto. Mu 1633 khoti la mpingo ku Rome lidamukakamiza kukana chiphunzitsochi, ndipo adakhala pa ukaidi wa panyumba mpaka imfa yake mu 1642.

Isaac Newton ndiye adamanga mfundo mu 1687 posonyeza kuti mphamvu yogwetsa chipatso mumtengo ndi yomweyo imene imasunga mapulaneti m'njira zawo. Malamulo ake adathandiza Urbain Le Verrier kuwerengetsa malo a pulaneti losadziwika, ndipo mu 1846 Neptune idapezekadi pomwepo.

Nanga Pluto? Clyde Tombaugh adaitulukira mu 1930. Koma mu 2005 kudapezeka Eris, yofanana nayo kukula, m'dera lakutali lomwe muli zina zambiri zotere. Akadaziwerenga zonse, mndandanda sukadatha. Choncho mu 2006, pamsonkhano wa ku Prague, akatswiri adagwirizana kuti Pluto ikhale m'gulu la mapulaneti aang'ono.

Aphunzitsi athu sanatinamize. Adatipatsa zimene zinkadziwika nthawi imeneyo. Mwana akabwera ndi 8, timufunse kuti atifotokozere chifukwa chake, ife timuuze za Nthanda, ndipo usiku wopanda mitambo tituluke naye panja tikayang'ane kumwamba.