Maselo a Chitetezo m'Mafuta a M'thupi

Mafuta a m'thupi, omwe amakhala kunsi kwa khungu ndi m'mimba mozungulira matumbo, ali ndi maselo osunga mafutawo komanso maselo a chitetezo. Ochuluka mwa achitetezowa ndi ma macrophage, omwe ntchito yawo ndi kumeza tizilombo ndi maselo akufa. Munthu akanenepa kwambiri, maselowa amachuluka n'kuyambitsa kutupa kwa mkati kosamveka ululu, komwe kumathandizira kuyambitsa matenda a shuga ndi a mtima.

Mmene zinadziwikira

Mu 1993, Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman a ku Boston anapeza kuti mafuta a mbewa zonenepa amatulutsa TNF-alpha, puloteni yoyambitsa kutupa. Mu 2003, gulu la Anthony Ferrante la pa Columbia University linaonetsa kuti mwa anthu oonda ma macrophage safika 10 pa maselo 100 a m'mafuta, pomwe mwa onenepa kwambiri amayandikira 40.

Zomwe zimachitika

Selo la mafuta likadzaza mopitirira muyeso limafa. Ma macrophage amalizinga ngati nyerere pa chiwala chakufa, n'kumameza mafuta otayikawo. Akutero amatulutsa TNF-alpha, IL-6 ndi IL-1 beta, komanso amaitana anzawo kuchokera m'magazi. Mapuloteniwa amasokoneza insulini, motero minofu imalephera kulandira shuga ndipo shugayo amatsalira m'magazi. Mafuta a m'mimba ndiwo oopsa kwambiri chifukwa magazi ochokera kumeneko amapita molunjika ku chiwindi.

Ku Tsangano ndi Macanga

Nkhani ya kunenepayi ikukhudzanso madera a alimi monga Tsangano ndi Macanga. Maboma awiriwa ali m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumalire ndi Malawi. Tsangano ndi wotchuka ndi mbatatesi ndi tirigu, pomwe Macanga, yemwe likulu lake ndi Furancungo, amalima fodya ndi chimanga. Ntchito ya khasu imateteza ambiri ku kunenepa, koma ziwerengero za dziko lonse la Mozambique zinakwera. Kafukufuku wa STEPS anapeza kuti akuluakulu olemera thupi mopitirira muyeso anachoka pa 18.3 pa 100 mu 2005 kufika pa 30.5 mu 2014/2015, makamaka amayi ndi okhala m'tauni. Odwala shuga anachoka pa 2.9 pa 100 kufika pa 7.4.

Nkhani ya njoka za m'mimba, zofala m'midzi ya alimi, ikulowanso apa. Mu 2011, gulu la Richard Locksley ku San Francisco linapeza kuti maselo otchedwa eosinophil, omwe amachuluka munthu akakhala ndi njoka, amaziziritsa ma macrophage a m'mafuta a mbewa. Pa chilumba cha Flores ku Indonesia, anthu omwe anawachotsa njoka ndi albendazole insulini yawo inafookerako mphamvu. Izi sizinasinthe malangizo a zaumoyo: njoka zimachepetsa magazi ndi kupinimbiritsa ana, choncho mankhwala ake ndi ofunikabe.

Mankhwala olunjika

Cholinga cha asayansi ndi kuzimitsa kutupa m'mafuta mokha, chitetezo cha thupi lonse chili chilili. Gulu la Michael Czech ku Massachusetts linaika mankhwala m'timakoko ta yisiti tomwe ma macrophage amameza, ndipo shuga wa mbewa zonenepa anayamba kuyenda bwino. Njirayi sinafike m'zipatala.

Pa anthu, kafukufuku wa CANTOS wa mu 2017 anayesa canakinumab, wotseka IL-1 beta, pa odwala mtima oposa 10,000. Mavuto a mtima anatsika ndi pafupifupi 15 pa 100, koma odwala shuga atsopano sanachepe, ndipo imfa za matenda a tizilombo zinakwera.

Pakadali pano, chotsimikizika pochepetsa kutupaku ndi kuchepetsa thupi, kugwira ntchito yotulutsa thukuta ndi kusachulutsa zakumwa zotsekemera ndi zokazinga. Kwa amene apezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri, mankhwala oyambira ndi metformin.