Paki ya ku Chilenje: Tiyende Kaye Tisanajambule

Ndinakulira ku Chilenje, pafupi ndi kabwalo kena komwe tonse tinkakatcha paki, ngakhale kuti udzu unkamerapo nthawi ya mvula yokha. Panali katungwe wachitsulo wopanda pokhalira, mtengo umodzi wa mthunzi, ndi miyala inayi yomwe inali magolo athu. Apa m'pamene ndinaphunzirira kumenya chimpombwa, mpira uja wa mapulasitiki okulunga ndi zingwe. Mwezi watha tinamva kuti pakiyo ikonzedwanso, ndipo anthu akuitanidwa kuti akapereke maganizo. Mng'ono wanga anangoseka. Anati, "Achimwene, zonse anapanga kale. Ife akutiitanira kuwomba m'manja chabe."

Sindinamutsutse, chifukwa mbiri ya mzinda uno imamuvomereza mbali ina. Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali yachiwiri imene achinyamata ambiri sitinauzidwe.

Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Pulani yoyamba inalembedwa ndi katswiri wa ku Britain, Stanley Adshead, mu 1931. Iye anatsatira nzeru za Ebenezer Howard, yemwe ankafuna mizinda yokhala ngati munda: misewu yotakata, mitengo, nyumba zotalikirana, ndi malo opumulirako. N'chifukwa chake Lusaka inkatchedwa Garden City. Koma mundawo anaulimira azungu a ku Ridgeway. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, woti ikatha abwerere kumudzi. Mlendo wotere palibe amene ankamufunsa kumene ana ake azisewera, popeza anawo sankayembekezeka kukhala m'tauni.

Antchito ambiri anamanga pa malo a mabwana awo kapena a makampani, ndipo makomboni ena mpaka lero akunyamula maina amenewo, monga George, John Laing ndi John Howard. Lamulo la mu 1948 la nyumba za anthu akuda m'matauni ndilo linatsegula njira yoti wantchito azikhala ndi banja lake. Chilenje ndi Matero zinakula m'nyengo imeneyi, nyumba zazing'ono zofanana, zondandalikidwa m'mizere, iliyonse ndi nambala yake. Pakati pa mizereyo anasiya mipata. Mipata imeneyo ndiyo inadzakhala mabwalo a mpira, a misonkhano ndi a maliro. Anaijambula ali mu ofesi, koma amene anaipatsa ntchito ndi anthu okhalamo.

Nyumba imodzi mwa izi, nambala 394, ndi mmene Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira mu January 1960 mpaka December 1962, akutsogolera chipani cha UNIP. Ndikadutsa pamenepo ndimadabwa kuchepa kwake. Nyumba yotere singakwane khamu la anthu. Ndale za ufulu zinkafuna panja, pamene anthu ambiri angaime pamodzi n'kumvana. Choncho tikamanena za bwalo la m'dera lathu, tikunena za malo amene anthu wamba amasonkhanapo osalipira pakhomo.

Mbali yachiwiri ija ndinaimva kwa ambuya anga, amene ankakhala ku George asanasamukire kuno. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni amene kale ankatchedwa osaloledwa, ndipo chaka chomwecho inayamba ntchito yaikulu yowatukula, ndi ngongole ya World Bank. Ntchitoyi inafika ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Vuto linali lakuti nyumba zinali kale pamenepo, zothithikana, ndipo msewu kapena paipi ya madzi sizikanadutsa popanda kugwetsa nyumba ya munthu. M'malo mongobwera ndi mathirakitala, anapanga magulu otchedwa Road Planning Groups. Atsogoleri a m'deralo ankayenda pansi pamodzi ndi akatswiri, kuloza pamene msewu ungadutse, kukambirana ndi eni nyumba, mpaka kugwirizana. Mabanja amene nyumba zawo zinakhudzidwa ankapatsidwa mapuloti pa malo ena oyandikana.

Ambuya amakumbukira tsiku limene gululo linafika pa mzere wawo. Anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, wa mapepala uja ankafuna msewu wowongoka. Ife tinamuonetsa pamene madzi amaima mvula ikagwa, ndi kanjira kamene amayi ankadutsa popita kukatunga. Anafufuta mzere wake ife tikuona."

Sizinali zangwiro. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo olankhula kwambiri anali atsogoleri a chipanicho. Ambuya akuti azimayi ambiri ankatsatira kumbuyo, ndipo ana palibe anawafunsa kanthu. Komabe misewu inatsegulidwa anthu atamva chifukwa chake. Ku Kalingalinga nako, m'zaka za m'ma 1980, ntchito yotukula komboni ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ inadutsa m'manja mwa komiti ya anthu okhalamo. Kufunsa eni dera si nzeru yobwera dzulo. Mzinda uno unazichitapo, ndipo ena mwa amene anayenda nawo akali moyo.

Nanga mabwalo athu anatha bwanji? Mu 1996, pa ulamuliro wa Frederick Chiluba, nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo. Kwa mabanja ambiri a ku Chilenje, lathu lomwe, chinali chinthu chachikulu: kukhala ndi nyumba yakoyako. Aliyense anamanga mpanda, ena anawonjezera zipinda za lendi kumbuyo. Koma pamene nyumba iliyonse inapeza mwini, bwalo la tonse linatsala lopanda woliyang'anira. Malo atakwera mtengo, mpata uliwonse unayamba kuoneka ngati puloti yomwe ikudikira wogula. Ine ndinaziona ndi maso: tsiku lina tikuweruka kusukulu tinapeza ngodya imodzi ya paki yathu yakumbidwa maziko. Palibe amene anatiuza kanthu, ndipo akuluakulu ankangonong'onezana. Golo lathu la kum'mawa tinalisuntha mapazi khumi, n'kupitiriza masewera.

Lero m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa mu 2022. Bwalo likatayika, silibweranso. Ndipo ntchito yake si mpira wokha. Mzinda wathu wakhala pa miyala ya laimu, madzi ambiri amene timamwa amachokera pansi, ndipo dothi losaphimbidwa ndi konkire ndilo limamwa mvula. Amene anaonapo Kanyama itasefukira, kapena amene amakumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018, akudziwa mtengo wa madzi osowa kolowera.

Chimene chasintha n'chakuti tsopano lamulo lili kumbali ya wofunsa. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015 limafuna kuti anthu atengeko mbali pokonza mapulani a madera awo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 2019 linakhazikitsa makomiti a chitukuko m'mawodi, a WDC. Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022, ndipo Kabwata, mmene muli Chilenje, imalandira gawo lake. Mapulojekiti a ndalamazi amayenera kuyambira m'mawodi, kwa anthu. Koma ngati ife sitipita, mipando yathu imakhalidwa ndi ena, ndipo pepala limalembedwa kuti anthu anafunsidwa.

Choncho ndinabwerera kwa mng'ono wanga ndi pempho limodzi. Tipite ku msonkhanowo, koma tisavomere kungoonetsedwa chithunzi chokongola pakhoma. Tipemphe zimene a ku George anachita: tiyende pansi ndi ojambulawo. Tiwaonetse pamene madzi amadikha mu January. Atsikana anene okha mbali imene amaopa kudutsa kukada, ndi pamene akufuna bwalo la netibo. Amayi ogulitsa tomato pangodya anene ngati mpanda udzawatsekere makasitomala. Ana aang'ono, amene mu 1974 sanafunsidwe, aloze okha pamene amasewera. Ndipo tifunse mafunso osakoma aja: malire enieni a pakiyi ndi ati, ndipo alembedwa kuti? Kodi padzakhala kulipira pakhomo? Katungwe akathyoka, adzakonza ndani, ndi ndalama ziti?

Mng'ono wanga sanalonjeze zambiri. Anangofunsa ngati angabwere ndi anzake a timu. Ambuya nawo akuti apita, ngakhale miyendo ikuwavuta, bola wina awanyamulire mpando. Akuti akufuna akaone ngati wa mapepala wa masiku ano amayenda ndi chofufutira.