Tears in Heaven: nyimbo ya bambo wofedwa mwana

Tears in Heaven ndi nyimbo imene Eric Clapton, katswiri wa gitala wa ku England, anapeka ataferedwa mwana wake wamwamuna, Conor, yemwe anali ndi zaka 4. Pa 20 Malichi 1991 mwanayo anagwa kuchokera pawindo la pa nsanjika ya 53 ya nyumba ina ku Manhattan, mumzinda wa New York. Mayi ake ndi Lory Del Santo, wochita zisudzo wa ku Italy. Maliro anaikidwa ku Ripley, m'chigawo cha Surrey, kumudzi kwa Clapton.

Maliro atatha, Clapton anakhala kwayekha kwa miyezi ingapo, akungoimba gitala. Kenako anapatsidwa ntchito yopeka nyimbo za filimu yotchedwa Rush, ndipo apa ndi pamene anapempha mlembi Will Jennings kuti amuthandize kumaliza mawu a nyimbo yomwe anali ataiyamba kale. Jennings anayamba wazengereza, poona kuti nkhani yowawa chonchi ndi yoyenera kuilemba mwiniwake, koma pambuyo pake anavomera. Nyimboyi inatuluka payokha mu Januwale 1992.

Chimene chimagwira mtima m'nyimboyi ndi kufatsa kwake. Munthu amene anatchuka ndi gitala yamagetsi yolira mwamphamvu anatenga gitala wamba, n'kumaiimba ndi zala pang'onopang'ono. Mawu ake ndi otsika, sakukuwa, ndipo sakulongosola za ngoziyo ngakhale pang'ono. Akulankhula ndi mwanayo mwachindunji, ndipo zambiri zimene akunena ndi mafunso okhudza tsiku limene adzakumane kumwamba. Mafunsowo alibe wowayankha. Amene anakhalapo pasiwa pa mwana akudziwa kuti kholo silikhala ndi zolongosola zambiri, limangobwereza funso lomwelomwelo. Mpake kuti makolo ofedwa m'mayiko ambiri anaitenga ngati yawo, ndipo ena amaiimbitsa pamaliro.

Pa mndandanda wa Billboard Hot 100 ku United States inafika pa nambala 2. Clapton anaiimbanso pa pulogalamu ya MTV Unplugged mu 1992, ndipo mu 1993 nyimboyi inapata mphoto zitatu za Grammy.

Clapton ali ndi nyimbo inanso yosadziwika kwambiri, Circus, ya m'chimbale cha Pilgrim cha mu 1998, yonena za madzulo omaliza amene bambo ndi mwana anakaonerera limodzi masewera a sakasi, kutatsala tsiku limodzi kuti ngoziyo ichitike. Clapton anathandizanso pa mauthenga ochenjeza makolo kuti aziika zotchinga m'mawindo ndi pamasitepe.

Clapton si yekha amene anadutsa njira imeneyi. Robert Plant wa gulu la Led Zeppelin anaimba All My Love pokumbukira mwana wake yemwe anamwalira mu 1977, ndipo woimba Nick Cave anatulutsa chimbale cha Ghosteen mu 2019, patapita zaka zinayi mwana wake atamwalira pafupi ndi Brighton.

Mu 2004 Clapton anasiya kuimba Tears in Heaven pamaso pa anthu. Anafotokoza kuti ululu umene anailembera sunalinso monga kale, ndipo sankafuna kuti azidzibwezera m'chisoni chimenecho nthawi iliyonse akakwera pasiteji. Anayambiranso kuiimba mu 2013.