Ntchito ndi Banja: Maganizo Anayi a Akatswiri

Kulinganiza ntchito ndi moyo wa pabanja ndi nkhani imene akatswiri a za chikhalidwe cha anthu aifufuza kwa zaka zambiri. Funso lawo ndi lakuti: kodi munthu angagwire bwanji ntchito popanda kumana banja lake nthawi ndi mphamvu? Mwa mayankho awo, tiona anayi.

Loyamba ndi ganizo la kulekanitsa. Limati ntchito ndi banja ndi minda iwiri yosiyana, kotero munthu akaweruka, za kuntchito zimatsala komweko. Limayenerera bwino anthu olembedwa ntchito, amene lamulo la dziko lino la 2000 linawaikira maola 48 pa sabata. Koma mlimi wa thonje wa ku Balaka saweruka: munda ndi wa banja, olimamo ndi banja lomwelo.

Lachiwiri ndi la kusefukira. Zokoma ndi zowawa za kuntchito zimafika kunyumba, monganso za kunyumba zimafika kuntchito. Namwino amene wachezera ndi odwala amalowa m'nyumba ndi kutopa kwake, ndipo ana ndiwo amayamba kukuona.

Lachitatu ndi la kulimbana. Mu 1985 Jeffrey Greenhaus ndi Nicholas Beutell anafotokoza kuti maudindo awiriwa amasemphana pa nthawi, pa mphamvu ndi pa khalidwe. Taganizirani asodzi a pa nyanja ya Chilwa amene amatha masabata m'zimbowera: ndalama zimafika kumudzi, koma pakhomo bambo palibe.

Lachinayi ndi la malire, limene Sue Campbell Clark analongosola mu 2000. Iye anati munthu amawoloka malire a ntchito ndi banja tsiku ndi tsiku, ndipo malirewo saika yekha: amagwirizana ndi abwana ake komanso a m'nyumba mwake. Ganizo ili ndilo likutiunikira bwino kuno, kumene mayi amagulitsa mpunga pa msika wa Liwonde mwana ali kumsana, ndipo bambo wa ku Machinga amalangiza ana ake pa foni ali ku Johannesburg.

Mu kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anaphunzitsa kuti ntchito iyenera kumanga banja, ndiponso kuti wantchito ali ndi ufulu wopuma. Choncho akatekisti pophunzitsa okonzekera ukwati asamangofunsa kuti adzadya chiyani. Afunsenso kuti ntchito idzalekezera pati, ndipo ngati awiriwo agwirizanapo.